Tsiku Limene Abwana Anayesa Njira Yathu ya Sikelo

Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkakwera mapiri atatu amene ali kumtunda kwa Lungwena, kawiri pa mwezi, nditakolekera bokosi la katemera paphewa. Si mapiri oti munthu angakanyadire kwa anzake kuti anawakwera. Ndi mapiri aafupi, amiyala, otsatana: ukatsika lina, lina layamba, ndipo kuseri kwa lililonse kuli mudzi umene galimoto siifika. Ntchito yanga inali ya sikelo, kuyeza ana, kuwabaya katemera ndi kulemba m'timabuku ta amayi awo. Ndinkayenda ndi bambo wina wachikulire amene ankangodzipereka, ndipo tonse tinkawatchula kuti a Mwalimu chifukwa madzulo ankaphunzitsa ana kumadrasa. Iwo ankanyamula sikelo ndi kabudula wake wopachikira ana, ine bokosi.

Tinalemba makalata angapo ku kabungwe kamene kanatilemba ntchito, kupempha njinga yamoto. Kuli tinjira ta alimi a fodya tochokera ku Namwera tozungulira kuseri kwa mapiriwo, ndipo njinga yamoto ikanatha kufika midzi yonse itatu dzuwa lisanafike pamutu. Makalatawo ankapita ku ofesi ya ku boma n'kukagona komweko.

Kenako kunabwera abwana atsopano ochokera ku Lilongwe. Anali munthu wa zaka ngati makumi anayi, wa manja osalala, wokonda kuyamba kulankhula ndi mawu akuti "mwina simukudziwa". Kalata yathu anaipeza m'kabati n'kuiwerenga mokweza pa msonkhano wa antchito onse, ngati mmene mphunzitsi amawerengera chimangirizo cha mwana wolephera.

"Mapiri ake ndi ati?" anafunsa. "Mwina simukudziwa, ine ndinafika pa Sapitwa kawiri. Ndibwera ndidzayende nanu. Ndimakonda kuona zinthu ndi maso anga."

Wachiwiri wawo anaseka abwanawo asanamalize n'komwe. Bambo ameneyu anabadwira ku Namwera konko. Amayi ake ankasenza mitolo ya udzu m'mapiri omwewo, ndipo njirayo ankaidziwa kuposa ine. Koma chipezereni mpando wa ku ofesi, ankalankhula za kumudzi ngati za dziko limene anangolimva pa wailesi.

Tsiku analisankha okha, osafunsa munthu. Anali masika, mvula itangosiya, udzu utatalika n'kuyamba kufiira, chimanga chili m'mikukwe. Chaka chimenecho mwezi wofunga unagwa nthawi yomweyo, ndiye kuti a Mwalimu anali oti ayenda tsiku lonse osadya, osamwa. Izi sizinali zachilendo kwa iwo. Mwezi umenewu tinkangonyamuka m'mamawa kwambiri kuti dzuwa likamakula tikhale titatha mapiri awiri, ndipo ine madzi ndinkamwera kuseri kwa mwala kuti ndisawavutitse.

Tinapangana kukumana pa chipatala chathu kukangocha. Galimoto ya abwana inafika dzuwa litakwera kale, ana a sukulu atalowa m'kalasi. Atatsika ndinachita kuyang'ana kumbali. Anavala kabudula wa matumba ambirimbiri, nsapato za jombo zatsopano, chipewa chokhala ndi nsalu yolendewera m'khosi, ndipo m'manja anali ndi ndodo ziwiri zachitsulo. Kumsana kunali chikwama chotuluka kapaipi kamene kanafika pakamwa, koti aziyamwa madzi akuyenda. Pa mkono panali wotchi imene anati imawerenga mapazi. A Mwalimu anali atavala masilipasi awo a tayala ndi kofia yoyera kumutu. Anawapatsa abwana moni mwaulemu ndi manja awiri, n'kusenza sikelo.

Sitinayambire pa chipatala monga tinkachitira. Abwana anauza dalaivala kuti atiperekeze mpaka pamene msewu unathera, patsinde penipeni pa phiri loyamba. Mtunda umenewo ife tinkauyenda ola lathunthu wapansi, kudutsa dambo ndi kamtsinje. Ndinawauza zimenezi tili m'galimoto.

"Kumeneko n'kosalala, mayi," anatero. "Tikuyesa mapiri."

Phiri loyamba analiyamba ngati akuthawa njuchi. Ndodo zinkangoti gogogo pa miyala, wachiwiri wawo ali pambuyo ndi foni, akujambula. Ife tinkabwera pang'onopang'ono, mmene munthu amayendera akadziwa kuti tsiku ndi lalitali. Pakati pa phiri tinawapeza atakhala pa mwala, chifuwa chikukwera n'kutsika. Sanavomere kuti atopa. Anati amatidikira kuti atiphunzitse kapumidwe.

"Muzikokera mpweya m'mphuno, kutulutsira pakamwa. Anthu ambiri amatopa chifukwa sadziwa kupuma."

A Mwalimu, amene anali atapuma bwinobwino zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, anagwedeza mutu n'kunena kuti zikomo.

Pamwamba pa phirilo pamaoneka nyanja, yotambalala mpaka kutsidya, ndi mabwato ngati timbewu ta mpunga. Ine ndinasiya kalekale kuiyang'ana, chifukwa pamenepo m'pamene ndinkasinthira lamba wa bokosi kuchoka phewa lina kupita lina. Abwana anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Kenako anatembenuka.

"Mayi, tandibwerekani bokosilo."

Ndinaganiza kuti akufuna kundilandira, ndipo ndikuvomera kuti kwa kanthawi ndinachita manyazi ndi mmene ndinkawaonera. Analikoleka paphewa, anakonza chipewa, anakwera pa mwala n'kuyang'ana kutali ngati munthu woganizira za ana a dziko lonse. Wachiwiri wawo anajambula kasanu. Atatsika pamwalapo anavula bokosilo n'kundibwezera.

"Silolemera kwenikweni," anatero.

Mudzi woyamba uli m'chigwa, ndipo sikelo tinkapachika pa nthambi ya mtengo wa mango. Tinapeza amayi atadikira kuyambira m'mawa, ana akulira ndi kutentha, ena atagona m'zitenje. Ndinayamba kutsegula bokosi, koma wachiwiri uja anandigwira mkono. Abwana ankafuna kulankhula kaye.

Analankhula m'Chingerezi. Wachiwiri wawo ankamasulira m'Chichewa, ngakhale ankadziwa bwino kuti amayi a kumeneko amamva Chiyao, chimene iyenso anayamwira. Abwana anawauza za ubwino wa katemera, amayi amene anali atasiya chimanga m'munda n'kubereka ana mtunda wautali kudzafuna katemera yemweyo. Anawauza kuti iwo ayenda wapansi kuchokera kutali kuti adzawaone. Anaima pang'ono kudikira m'manja. Wachiwiri wawo anayambitsa, amayi angapo n'kutsatira, manja ali lendelende. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandifunsa m'Chiyao, chapansipansi, ngati bamboyo akudwala miyendo, popeza akuyendera ndodo ziwiri. Ndinamuuza kuti ayi, ndi za masewera. Anandiyang'ana ngati ndamunamiza.

Pamene tinkamaliza kuyeza ana, dzuwa linali litafika pamutu. Masiku ena nthawi imeneyo tinkakhala tikutsika phiri lachiwiri.

Phiri lachiwiri ndi lalitali pang'ono kuposa anzake, ndipo njira yake imakhota kwambiri, kuzungulira kumanzere isanakwere. Titafika pamene imayamba kukhota, abwana anaima n'kuyang'ana foni.

"Mapu akusonyeza kuti tikhoza kudula apa. Mukuzunguliriranji? Mwina n'chifukwa chake mumati n'kutali."

Anthu amene anaponda njira imeneyo sanali opusa. Malo amene abwana ankalozawo ndi thengo la tsekera, ndipo m'masika mumakhala chitedze chitakhwima, nyemba zake zaubweya zili lendelende m'mitengo. Ndinanena kuti muli chitedze. Ndinanena kamodzi, ndi mawu apansi, ndipo ndikudziwa kuti ndikanafuna ndikanakweza mawu. Wachiwiri wawo anamva. Ndinaona akuyang'ana thengolo, kenako kabudula wa abwana, kenako foni yake. Anangoti iye adzera njira yathu kuti akawajambule bwino akutulukira kumtunda.

Tinazungulira atatu. Tisanafike kumtunda tinamva ndodo imodzi ikugubuduka pa miyala. Abwana anatulukira m'munda wa chimanga wa pakhosi pa phirilo akudzikanda miyendo, m'khosi, m'khwapa, chipewa chili m'manja. Madzi onse a m'chikwama anadzithira m'miyendo. Chingerezi chinawathera. Ankatukwana m'Chichewa chomveka bwino, cha kwawo, chimene sindinkadziwa kuti ali nacho.

M'mundamo munali mayi wina akukolola yekha. Ndinkamudziwa, ana ake onse ndinawabaya ndine. Makolo ake anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo iye ali kamtsikana, anadzera m'mapiri omwewa, ndipo sanabwererenso. Anasiya dengu, anapita pamene anaotcherapo mapesi n'kutapa phulusa lodzaza manja awiri.

"Asakande," anandiuza ine, osati iwo. "Apake ili, akhule pang'onopang'ono."

Abwana anakhala pansi pakati pa munda n'kudzipaka phulusa mpaka m'makutu. Wachiwiri wawo foni anaibisa m'thumba. A Mwalimu anapita kukatola ndodo ija, n'kubwera nayo atailemekeza ngati ya mfumu. Ine ndinakhala pa bokosi langa, ndipo sindinama, mumtima munali mwa mbee.

Kuyabwa kutachepa, munthu uja anabwerera mwakale. Anatsegula chikwama n'kutulutsa buledi wopaka nyama, mazira owiritsa ndi maapozi. Anayamba kudya pamaso pa a Mwalimu, n'kuwatambasulira dzira.

"Zikomo bwana, ndafunga."

"Lero? Paulendo ngati uno? Mwina simukudziwa, thupi likasowa madzi magazi amalimba. N'zoopsa zimenezo. Mukanayamba mwandiuza."

"Tidzakuuzani ulendo wina," anatero a Mwalimu.

Madzi amene abwana ankamwa polankhula zimenezi anali anga, chifukwa awo anali atathera m'miyendo. Atakhuta anayang'ana chigwa, mapiri a ku Namwera kutsogolo, zigafa za fodya patali, n'kuuza wachiwiri wawo kuti amufunse mayi wokolola uja ngati amadziwa mwayi umene ali nawo, wolima pa malo okongola chonchi. Mayiyo anamvetsera funsolo mpaka kumapeto. Anati anyani ndi ambiri. Kenako anasenza dengu lake n'kumapita.

Kutsika phiri lachiwiri n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa timiyala timathawa pansi pa phazi. Nsapato zatsopano zija zinali zitayamba kale kuwadya zidendene. Ankatsika chammbali, ndodo zikuterereka, ndipo za kapumidwe sanazitchulenso. M'mudzi wachiwiri sanalankhule kwa amayi. Anakhala pakhonde la nyumba ina atavula nsapato, ana atawazungulira kuonerera munthu wamkulu wotuwa ndi phulusa. Ine ndi a Mwalimu tinagwira ntchito mothamanga. Amayi ena anali atabwerera kale kuminda.

Titamanga katundu ndinapita kukawauza kuti tinyamuke, latsala phiri limodzi.

"Limodzi lina?"

"Ndi atatu, bwana. Tinalemba m'kalata."

Anayang'ana wotchi yawo yowerenga mapazi nthawi yaitali. Kenako anati akumbukira kuti ali ndi msonkhano wa pa foni madzulo omwewo, ndipo kuno netiweki ndi yovuta. Wachiwiri wawo anati inde, msonkhano wofunika kwambiri, anali ataiwala kuwakumbutsa. Munthu wa m'mudzimo anaimbira akabaza a njinga zamoto amene amanyamula mabelo a fodya, ndipo posakhalitsa anabwera awiri kudzera kanjira ka kuseri. Ndinaima n'kumaonerera abwana akukwera njinga yamoto, pa kanjira kamene tinakafotokoza m'makalata onse aja. Ndodo anazipingasa pamiyendo. Ponyamuka anakweza chala chachikulu.

"Pitirizani, mayi. Ntchito yabwino."

Phiri lachitatu tinalikwera awiri, dzuwa likutiwomba kumsana. A Mwalimu milomo inali itauma mpaka kuchita mamba oyera, ndipo ndinamva kupuma kwawo kukusintha. Ndinawapempha kuti ndinyamule sikelo. Anakana. Pamwamba anaima, anayala kansalu pa thanthwe n'kuswali, ine nditakhala patali pang'ono. Mphepo ya mwera inali itayamba, yozizira, ikugonetsa udzu mbali imodzi. Atamaliza anapinda kansalu kawo.

"Mwanangu," anatero, "chitedze chija unachiona."

"Ndinawauza."

"Unawauza, inde."

Tinatsika.

M'mudzi wachitatu tinapeza amayi anayi okha pansi pa mtengo. Ena onse anadikira mpaka dzuwa kupendeka n'kumapita, ena kukaphika futali wa ofunga, ena kukatuta chimanga chisanadyedwe ndi mbuzi. Mwa anayiwo munali mayi wina wa mapasa, amene anachokera kutali kuposa onse. Anandikalipira pamaso pa anzake. Anati ife a chipatala timaona ngati anthu a kumapiri alibe ntchito, anati tsiku lake lonse lapita, ana sanadye. Zonse zimene ananena zinali zoona, kungoti ankauza munthu wolakwika. Ndinapepesa. Sindinatchule za abwana, chifukwa ndikanayamba kufotokoza za ndodo ndi phulusa zikanamveka ngati nthano. Ndinabaya mapasawo, ndinalemba m'timabuku, ndipo ana amene anaphonya tsikulo ndinachita kuwatsata khomo ndi khomo mwezi wotsatira.

Pobwerera tinadzera njira ya m'munsi, yaitali koma yopanda chikweza. Dzuwa litalowa a Mwalimu anaima pa mjigo wa m'mbali mwa njira, anapemphera pang'ono, ine ndikupopa, n'kumwa madzi ndi manja. Anamwa nthawi yaitali.

Patapita sabata ziwiri tinaitanidwa ku boma ku msonkhano wa mwezi. Chithunzi chija chinali chitakulitsidwa n'kupachikidwa pakhoma la ofesi: abwana pa mwala, bokosi la katemera paphewa, nyanja kumbuyo. Anawerenga lipoti lawo ataimirira. Anati anayendera okha dera la mapiri, wapansi, limodzi ndi antchito a kumudzi. Anati njirayo ndi yabwino, munthu wathanzi akhoza kuiyenda tsiku limodzi popanda vuto, ndipo iwo anafika ku ofesi nthawi ikadalipo. Anati vuto limene anaona si mtunda ayi, koma kusasunga nthawi, popeza anamva kuti mudzi wachitatu tinafika mochedwa. Pa chifukwa chimenecho pempho la njinga yamoto silinali lofunika pakali pano. M'malo mwake analonjeza kutikonzera maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka nthawi.

M'chipindamo munali anthu oposa khumi, ndipo ambiri anali atamva kale za chitedze, chifukwa dalaivala sasunga nkhani. Palibe anatsokomola. Wachiwiri uja anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira. Ndinayang'ana manja anga ndipo nawonso ankawomba. Ndinali ndi ana atatu pa sukulu, ndipo kalata yanga ya ntchito inkasainidwa chaka ndi chaka ndi munthu yemweyo. Chifukwa chimenechi ndachinena kwa anthu ambiri, ndipo onse amandimvetsa. Ine ndekha sichinandikhutitse.

A Mwalimu okha ndi amene sanawombe. Anakweza dzanja, ndipo ataloledwa anaimirira n'kuvula kofia.

"Ndimangofuna kufunsa, bwana. Miyendo inasiya kuyabwa?"

Abwana anati inasiya, zikomo, n'kupita pa mfundo yotsatira. Kuyambira mwezi umenewo a Mwalimu sanaitanidwenso ku misonkhano ya ku boma. A ku ofesi anati misonkhanoyo ndi ya antchito olembedwa okha, odzipereka azimva kwa ife. Maphunziro a nthawi aja anachitikadi, pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, masiku awiri. Anatiphunzitsa kujambula bwalo pa pepala n'kuligawa ngati chigumu.

Abwanawo anakhala nafe zaka ziwiri n'kukwezedwa, kubwerera ku Lilongwe. Mpando wawo anatenga wachiwiri uja, amene tsiku loyamba lomwe anayamba kunena kuti "mwina simukudziwa". Ine ndinayendabe mapiriwo zaka zina zitatu, mpaka bondo lakumanja linakana, ndipo a bungwe anandisamutsira ku chipatala cha m'tauni kolembera odwala pakhomo. A Mwalimu anapitiriza ndi mayi amene analowa m'malo mwanga.

A Mwalimu anamwalira chaka chathachi, nthawi yozizira, atadwala masiku ochepa. Anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, ndipo ine uthenga unandipeza mochedwa, ndinafika amuna atabwerera kale kumanda. Ndinakhala ndi amayi kuseri kwa nyumba. Munali amayi ochokera m'midzi itatu yonse ija, ena ndi ana aakulu amene a Mwalimu anawapachikapo pa sikelo.

Tsiku lachitatu kunabwera galimoto ya kabungwe kathu ndi thumba la mpunga ndi kalata yachipepeso yochokera ku likulu, yosainidwa ndi abwana akale aja. Mwana wamkulu wa malemu sankawerenga bwino Chingerezi, ndiye anandipatsa ine kuti ndimasulire pamaso pa abale. Kalatayo inati bungwe lataya mlonda wokhulupirika amene anateteza katundu wa ofesi kwa zaka zambiri. Ndinawerenga mzerewo kawiri chamumtima, anthu akudikira. Kenako ndinawauza kuti kalatayo ikuti a Mwalimu anayenda mapiri zaka khumi ndi zisanu kuyeza ana a anthu osalandira kanthu, ndipo bungwe likuchita manyazi. Mwana wawo anagwedeza mutu, anaipinda bwinobwino kalatayo n'kukaisunga m'nyumba.